Chakudya chilipo, koma msewu uli m'manja mwa amfuti: mmene njala ya ku Sudan idafikira pamenepa

Pa 1 Ogasiti 2024, komiti ya akatswiri yomwe imaunika nkhani za njala padziko lonse idatsimikiza kuti mu msasa wa Zamzam, kunja kwa mzinda wa El Fasher m'chigawo cha Darfur ku Sudan, njala yafika pamlingo wotsiriza, woti anthu akungofa. Chilengezo chotere sichituluka wamba. M'zaka 20 zomwe muyeso wa njala womwe komitiyi imatsatira udakhala ukugwira ntchito, chinali chitamvekapo kawiri kokha, ku Somalia mu 2011 ndi ku South Sudan mu 2017. Chonsecho tsiku limenelo sitima zinkakochezabe padoko la Port Sudan, ndipo kutsidya kwa malire, m'dziko la Chad, mabungwe anali ndi chakudya ndi mankhwala mosungiramo katundu, madalaivala ali chire. Chidasowa ndi chilolezo choti mathiraki alowe, komanso chitsimikizo choti akalowa saomberedwa.

Ife a ku Zomba za njala sitichita kuuzidwa. Mu Malichi 2024, mvula itadula chifukwa cha El Niño, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ndipo komiti younika za kusowa kwa chakudya m'dziko muno, ya MVAC, itayendera midzi idapeza anthu 5.7 miliyoni ofunika thandizo. Chimanga chidabwera. Chidachedwa, inde, mayina ena adalembedwa mokondera, ndipo ku Jali, ku Mayaka kapena ku Chingale simungasowe gogo wodandaula kuti thumba limodzi adachita kugawana ndi anzake. Koma thiraki idafika pabwalo la sukulu, anthu adandanda pamzere, madzulo utsi n'kufuka m'makhitchini. Ngakhale pa Chisi, pakati pa nyanja ya Chilwa, matumba amakwera bwato pa Kachulu n'kukafika. Ndiye ife tikamva za njala timaganiza za mvula, za fetereza, za mtengo wa chimanga kwa mavenda, ndipo tikamva kuti ku Sudan ana akufa timafunsa kuti kodi mabungwe onse aja ali kuti. Alipo. Koma pakati pa iwo ndi mwana wanjalayo paima anthu amfuti, ndipo amfutiwo adaona kalekale kuti ukagwira msewu wagwiranso mimba za adani ako.

Nkhondoyi idabuka pa 15 Epulo 2023 mu Khartoum. Mbali ina kuli asilikali a boma otsogozedwa ndi Abdel Fattah al-Burhan, mbali inayo kuli gulu la Rapid Support Forces, lomwe anthu amangoti RSF, la Mohamed Hamdan Dagalo, yemwe dzina lake lotchuka ndi Hemedti. Awiriwa ankadyera mbale imodzi. Onse adatumikira pulezidenti wakale Omar al-Bashir, onse adamutembenukira mu 2019, ndipo mu Okutobala 2021 adalanda boma limodzi m'manja mwa anthu wamba. Adayambana itafika nkhani yoti RSF ilowe m'gulu la asilikali a boma: a boma ankati zitheke m'zaka 2, a RSF ankati zaka 10, ndipo pansi pa mkanganowo panali funso loti adzalamule mnzake ndani. RSF idachokera ku zigawenga za Janjaweed, zomwe zidawotcha midzi ya ku Darfur kuyambira mu 2003. Msasa wa Zamzam udamangidwira anthu othawa nkhondo yakale ija, choncho ena mwa amene akufa lero adabadwira mu msasa momwemo. Anthu oposa 12 miliyoni athawa m'makwawo kuyambira 2023, kuposa theka la Amalawi tonse.

Nkhondo siyamba ndi kutseka msewu wa thandizo. Imayamba yapha kaye njira zonse zomwe munthu amadzidyetsera yekha. Sudan si dziko losalima ayi. Pakati pa mitsinje ya Blue Nile ndi White Nile pali minda yothirira ya Gezira, yomwe idatsegulidwa mu 1925, yokula kuposa mahekitala 800,000, ndipo kum'mawa ku Gedaref amalima mapira ndi chitowe pa mathirakitala. Alimi akuluakulu amenewa amadalira ngongole za ku banki, dizilo ndi mbewu, ndipo zonsezi likulu lake linali Khartoum, komwe nkhondo idayambira. Bungwe la United Nations (UN) loona za ulimi, la FAO, lidapeza kuti zokolola za mapira, mchewere ndi tirigu za mu 2023 zidatsika ndi 46 pa 100 alionse poyerekeza ndi za mu 2022. Mu Disembala 2023 a RSF adalanda mzinda wa Wad Madani, likulu la Gezira, ndipo nkhokwe ya m'derali ya WFP, bungwe la UN logawa chakudya, idabedwa: matani oposa 2,500, chakudya chokwanira anthu pafupifupi 1.5 miliyoni kwa mwezi wathunthu. Aphunzitsi ndi anamwino adakhala miyezi osalandira. Wamalonda amene ankalipira pa lodibuloko imodzi adayamba kulipira pa malodibuloko osawerengeka, ndipo ndalama iliyonse yomwe wasiya pamenepo amakaiwonjezera pa mtengo wa mapira. Pamsika chakudya chimatha kuoneka ndithu, koma wogula palibe.

Kuti timve chifukwa chake chilengezo cha Zamzam chidagwedeza anthu, tiyenera kudziwa mmene njala imayezedwera. Muyesowu ndi IPC, udayambira ku Somalia mu 2004, ndipo ndi womwewu umene MVAC imagwiritsa ntchito kuno kwathu. Uli ndi magawo asanu. Gawo loyamba ndi la anthu amene akudya bwino, lachiwiri ndi la amene akudya koma movutikira. Pa gawo lachitatu banja layamba kudumpha chakudya kapena kugulitsa mbuzi ndi njinga kuti lidye, ndipo ambiri mwa anthu athu 5.7 miliyoni aja anali pamenepa. Pa gawo lachinayi ana ambiri anyentchera ndipo maliro ayamba kuchuluka. Kuti dera lonse liikidwe pa gawo lachisanu pamafunika zinthu zitatu zichitike pamodzi: mabanja 20 pa 100 alionse akhale opanda chakudya n'komwe, ana 30 pa 100 alionse akhale onyentchera, ndipo anthu awiri pa 10,000 alionse azimwalira tsiku lililonse chifukwa cha njala kapena matenda obwera ndi njalayo.

Anthu awiri pa 10,000 akumveka ochepa mpaka mutawerengera kwanu. Pa kalembera wa 2018 mzinda wa Zomba unali ndi anthu pafupifupi 105,000. Pamlingo umenewu bwenzi tikuika maliro 21 patsiku, lero, mawa, mkuja, kuyambira ku Chinamwali mpaka ku Sadzi, adzukulu osapuma. Ku Zamzam kunali anthu pafupifupi 500,000.

Pali msampha wina pamenepa, ndipo ndi umene ine umandipweteka mutu kwambiri. Kuti akatswiri anene kuti zinthu zitatu zija zakwana, pafunika munthu apite kukayeza ana ndi kukafunsa mabanja za maliro awo. Koma dera lomwe njala yakula kwambiri ndi lomwelonso munthu sangafikeko. Zamzam idadziwika chifukwa madokotala a bungwe la thandizo la MSF anali ndi chipatala mkati mwa msasamo, ndipo mu Febuluwale 2024 adali atachenjeza kale kuti mwana mmodzi akumwalira pa maola awiri alionse. Midzi yomwe munalibe woyeza, anthu ake adafa osalowa m'buku lililonse. Ndiponso palibe boma lomwe limakondwa kumva kuti m'dziko mwake muli njala yotere, chifukwa mawuwo amaitana maso a dziko lonse. Boma la Sudan lidakana kuti kulibe zotero, ndipo mu Disembala 2024, lipoti lina lili pafupi kutuluka, lidalengeza kuti laimitsa kutenga nawo mbali mu IPC. Lipotilo lidatulukabe. Lidati njala ya gawo lachisanu yafalikira ku misasa ya Abu Shouk ndi Al Salam komanso kumadzulo kwa mapiri a Nuba, ndipo anthu 24.6 miliyoni, theka la dziko, ali pa gawo lachitatu kapena kupitirira.

Choncho chilengezo chimafika anthu atayamba kale kuika maliro. Ku Somalia kudafa anthu pafupifupi 260,000, theka lawo ana osakwana zaka zisanu, ndipo pafupifupi theka la onsewo adali atafa kale pamene njalayo inkalengezedwa mu Julayi 2011. Opereka ndalama akamadikira kumva gawo lachisanu kuti atsegule chikwama, amakhala akudikira kuti manda adzaze kaye.

Nanga chimapha mwana n'chiyani kwenikweni? Nthawi zambiri si mimba yopanda kanthu yokha. Thupi lonyentchera silitha kudziteteza, ndiye kutsegula m'mimba, chikuku, chibayo kapena malungo zomwe mwana wonenepa akadachira zimamutenga m'masiku ochepa. Ku Sudan kolera adabukanso mu 2024, pamene zipatala zambiri za m'madera a nkhondo zinali zitatsekedwa. Mayi aliyense amene amapita kusikelo amakadziwa kalamba kamitundu itatu kaja. Mlangizi wa zaumoyo amakazunguliza pamkono wa mwana, pakati pa phewa ndi chigongono, n'kukoka pang'ono. Kakaima pobiriwira palibe vuto, pachikasu ndi chenjezo, koma kakafika pofiira, kutanthauza kuti mkonowo sukukwana masentimita 11.5, mwanayo ali pangozi. Kenako amadina ndi zala pamwamba pa mapazi onse awiri n'kuwerenga mpaka katatu. Akachotsa chala pakatsala kadzenje, ndiye kuti thupi latupikana, ndipo kunenepa komwe agogo ake ankakuyamikira si kunenepa ayi.

Mankhwala ake timawadziwanso: chiponde. Kapaketi ka magalamu 92 ka mtedza wopera, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini, kosafuna madzi kapena moto. Dziko lathu ndi limodzi mwa malo oyamba komwe madokotala adatsimikizira, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kuti mwana wonyentchera kwambiri atha kuchira ali kunyumba akudya chiponde m'malo mogonekedwa kuchipatala. Katoni imodzi ya mapaketi 150 imachiza mwana mmodzi pa milungu 6 mpaka 8. Koma chinsinsi chake n'chakuti asadukize. Sudan inali ndi fakitale yakeyake ya chiponde mu Khartoum, ya Samil, yomwe inkapanga gawo lalikulu la chiponde cha ana a m'dzikomo, ndipo idapsa mu Meyi 2023, nkhondo isanathe ndi mwezi womwe. Kuyambira pamenepo katoni iliyonse idayenera kuchokera kunja n'kudutsa m'manja mwa amfuti. Mu Okutobala 2024 a MSF adalengeza kuti asiya kuthandiza ana 5,000 onyentchera ku Zamzam chifukwa katundu wawo adatsekerezedwa panjira kwa miyezi. Madokotala analipo, ana analipo, chiponde ndiye chidathera.

Tiyeni tsopano tiutsate msewuwo. Njira zolowetsera thandizo ku Darfur zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yochokera ku Port Sudan, kunyanja ya Red Sea, komwe boma la Burhan lidasamukira Khartoum itagwa m'nkhondo. Kuchoka kumeneko kukafika ku El Fasher ndi makilomita oposa 1,500, pamene Malawi yense kutalika kwake ndi pafupifupi makilomita 900, ndipo pakati pa ulendowo thiraki iyenera kuchoka m'dera la asilikali a boma n'kulowa m'dera la RSF. Yachiwiri ndi yochokera ku Chad, kudzera pachipata cha Adré, chomwe chili pafupi ndi mzinda wa El Geneina. Iyi ndiye yachidule, ndipo aliyense wodziwa mapu angasankhe imeneyi.

Apa ndi pamene lamulo limalowerera. Chigamulo cha United Nations cha mu 1991, nambala 46/182, chomwe ndi maziko a ntchito zonse za thandizo, chimati thandizo lilowe m'dziko movomerezedwa ndi boma la dzikolo. Boma lomwe UN imalizindikira ku Sudan ndi la Burhan. Ndiye ngakhale pa Adré mbali ya Sudan panalibe msilikali wa boma ndi mmodzi yemwe, popeza deralo lili m'manja mwa RSF, mabungwe a UN sakadawoloka popanda kalata yochokera ku Port Sudan. Mu Febuluwale 2024 boma lidatseka chipatacho, ponena kuti ndi pomwe pamadutsa zida za RSF. Nkhawa ya zidayo si yongopeka: akatswiri a UN adalemba kuti pali umboni womveka woti zida zochokera ku United Arab Emirates zinkafika kwa RSF kudzera ku Chad, ngakhale dzikolo limakana. Koma wozembetsa mfuti sapempha chilolezo kwa munthu. Amene adaima pachipata ndi onyamula mapira. Boma lidaloza chipata china chakumpoto, cha Tine, chomwe njira yake imadutsa m'makhwawa ouma amene amasefukira mvula ikayamba mu Juni, ndipo mathiraki adatitimira kumeneko kwa milungu. Adré adatsegulidwanso mu Ogasiti 2024, patangopita milungu iwiri chilengezo cha Zamzam chitatuluka, kwa miyezi itatu yokha, ndipo kuyambira pamenepo chilolezocho chakhala chikuwonjezeredwa pang'onopang'ono. Mungakonze bwanji ntchito yodyetsa anthu mamiliyoni pa chipata chomwe simukudziwa ngati chidzakhale chotsegula miyezi ikubwerayi?

Kutsekereza kwina sikumveka phokoso. Wogwira ntchito wa bungwe amadikira viza miyezi. Akalowa, kuti achoke mu Port Sudan afunika chiphaso cha ofesi ya boma yoona za thandizo, ya Humanitarian Aid Commission, pamodzi ndi zidindo za achitetezo ndi azaukazitape, ndipo chidindo chimodzi chikasowa ulendo wafa. Palibe amene wakana, amangoti bwerani mawa. A RSF nawo mu 2023 adakhazikitsa ofesi yawoyawo yopereka zilolezo, ndipo bungwe lomwe lalembetsa kumeneko limakhala ladziika pamavuto ndi a ku Port Sudan. Kumbali ya RSF kutsekereza kwambiri n'kwa mfuti yeniyeni: kulanda galimoto, kuthyola nkhokwe, kulipiritsa pa malodibuloko, kugwira madalaivala. Antchito atatu a WFP adaphedwa ku Kabkabiya nkhondo itangoyamba kumene. Mbali zonse ziwiri zidasaina pangano ku Jeddah, m'dziko la Saudi Arabia, pa 11 Meyi 2023 lolonjeza kuti thandizo lizidutsa momasuka, koma lidathera papepala pomwepo.

Malamulo oletsa zimenezi alipo, ndipo ndi omveka bwino. Mapangano owonjezera a Geneva a mu 1977 amaletsa kugwiritsa ntchito njala ngati chida cha nkhondo, kaya ndi nkhondo ya mayiko awiri kapena yapachiweniweni. Mu 2018 khonsolo ya chitetezo ya UN idabwerezanso zomwezo m'chigamulo nambala 2417. Mu Juni 2024 khonsolo yomweyo idalamula RSF, m'chigamulo nambala 2736, kuti isiye kuzinga El Fasher. Palibe chidasintha.

El Fasher unali mzinda waukulu womaliza ku Darfur womwe unali m'manja mwa asilikali a boma ndi magulu owathandiza. A RSF adauzinga kuyambira mu Meyi 2024. Mu Epulo 2025 adalowa mu Zamzam momwemo, adapha anthu ambiri kuphatikizapo ogwira ntchito pachipatala cha bungwe la Relief International, ndipo anthu mazanamazana a masauzande adathawa wapansi, ambiri kulowera ku Tawila, makilomita pafupifupi 60 kumadzulo. Zithunzi za setilaiti zomwe ofufuza a ku yunivesite ya Yale adaunika zidaonetsa mtumbira wautali wadothi womwe a RSF adaunda kuzungulira mzindawo, kuti wolowa ndi wotuluka adutse pamaso pawo. Mu Juni 2025 mdipiti wa mathiraki 15 a WFP ndi UNICEF, womwe udayenda ulendo wonse kuchokera ku Port Sudan, udaphulitsidwa usiku ku Al Koma uli pafupi kufika, anthu asanu n'kufa, ndipo mbali ziwirizo zidalozana zala. Mkati mwa mzinda anthu adayamba kudya ambaz, zotsalira za mtedza akaufinya mafuta, zomwe amadyetsa ziweto. Amene adaona njala ya 2002 kuno kwathu, anthu akuphika madeya ndi zikhawo za nthochi, akudziwa kuti munthu akafika pamenepo watsala pang'ono. Kenako ambaz yemweyo adakwera mtengo n'kuyamba kusowa. Mzindawo udagwa pa 26 Okutobala 2025, patatha pafupifupi miyezi 18, ndipo zomwe zidatsatira ndi kupha anthu mwachisawawa, m'misewu ndi m'chipatala momwe.

Funso lomwe ndimalimva kawirikawiri anthu akamakambirana nkhaniyi ndi lakuti, bwanji osangoponya chakudyacho pa ndege? Tiwerengere limodzi. Munthu mmodzi amafunika pafupifupi theka la kilogalamu ya chakudya chouma patsiku, kuphatikiza ufa, nyemba ndi mafuta. Anthu 500,000 ndiye kuti matani 250, kapena kuti matumba 5,000 a makilogalamu 50, tsiku lililonse. Pa mathiraki onyamula matani 30, amenewo ndi mathiraki 8 kapena 9 patsiku, ndipo tikunena msasa umodzi. Ndege yaikulu yoponya chakudya imanyamula katundu wofanana ndi thiraki imodzi yokha, pamtengo wokwera kangapo konse. Imafunanso chilolezo cha amene akulamulira mlengalenga, bwalo lotetezeka pogwetsera, ndi anthu pansi oti atolere n'kugawa, apo ayi amphamvu ndi amfuti ndiwo atole. Chiponde, katemera ndi namwino woyeza ana sizigwa kuchokera kumwamba.

Ena amati, nanga bwanji osaperekeza mathirakiwo ndi asilikali? Akuluakulu athu akukumbukira nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene njanji za ku Beira ndi ku Nacala zidadulidwa, mathiraki n'kumadutsa ku Tete pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali, ndipo anyamata athu ena adatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala. Njira imeneyo imatheka ndi katundu wa boma kapena wa malonda. Kwa bungwe la thandizo ndi yoopsa, chifukwa tsiku lomwe laoneka likuyenda ndi asilikali a mbali imodzi, mbali inayo imaliwerengera ngati mdani, ndipo antchito ake onse, kulikonse komwe ali, asanduka chandamale. Chitetezo chawo chenicheni n'chakuti onse awiri aziwakhulupirira kuti alibe mbali. N'chifukwa chake amakhala pansi ndi anthu omwe manja awo ali ndi magazi, kukambirana za msewu, tsiku ndi ola. Si ntchito yoyera, ndipo chakudya china chimathera m'miphika ya ankhondo, zimenezo palibe angakane.

Pa nkhani ya Adré, ine ndimaona kuti UN idagonja msanga. Zitsanzo zochitira mwina zinalipo. Mu 1989, m'dziko lomweli la Sudan, padakhazikitsidwa Operation Lifeline Sudan, pomwe boma ndi zigawenga za kummwera adagwirizana kuti thandizo lizilowa kuchokera ku Kenya. Mu 2014 khonsolo ya chitetezo idalola kuti thandizo lilowe ku Syria kudzera m'malire ena popanda kudikira chilolezo cha boma la Damascus. Akatswiri ambiri a malamulo amanenanso kuti boma lilibe ufulu wokana thandizo popanda chifukwa chomveka pamene anthu akufa. Komabe mantha a UN si opanda pake. Anthu mamiliyoni ambiri anjala ali kumbali ya boma, ndipo boma likakwiya limathamangitsa. Mu 2023 lidakana nthumwi ya UN, Volker Perthes, n'kutseketsa ofesi yake yonse ya zandale, ndipo mu Okutobala 2025 lidapirikitsa akuluakulu awiri a WFP. Khonsolo ya chitetezo nayo ndi yogawanika: mu Novembala 2024 dziko la Russia lidaletsa chigamulo chokhudza kuteteza anthu wamba ku Sudan, mayiko ena onse 14 atavomera. Koma miyezi isanu ndi umodzi yomwe Adré adakhala wotseka inali yomweyo yoyenera kuunjikira chakudya mvula isanayambe, ndipo nthawi imeneyo sidabwererenso.

M'madera ambiri amene adyetsa anthu ndi eni dziko okha. Achinyamata omwe ankatsogolera zionetsero zochotsa al-Bashir adasandutsa makomiti awo a m'madera kukhala magulu a thandizo, otchedwa Emergency Response Rooms, ndipo adatsitsimutsa mwambo wakale wa takaya, khitchini ya onse. Pabwalo la mzikiti kapena la sukulu pamakhala miphika ikuluikulu ya nyemba kapena mphodza, anthu n'kumabwera ndi mbale ndi zidebe zawo, kamodzi patsiku. Ndalama zimachokera kwa abale awo a kunja ndi kwa mabungwe ena, kudzera pa Bankak, njira yotumizira ndalama pa foni ya Bank of Khartoum. Ubwino wake ndi wakuti ndalama ya pa foni siima pa lodibuloko: imafika, ophika n'kugula kwa amalonda omwe amadziwa okha mmene amadutsira. Kuipa kwake kudaoneka mu Febuluwale 2024, pamene netiweki idazimitsidwa pafupifupi dziko lonse ndipo makhitchini ambiri adazima moto mpaka anthu adayamba kulipira kuti alumikizidwe pa intaneti ya setilaiti ya Starlink. Achinyamatawa amamangidwa ndi kuphedwa ndi mbali zonse ziwiri, aliyense akuwaganizira kuti ndi akazitape a mnzake. Ndipo boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja mu Januwale 2025, mazanamazana a makhitchiniwa adatseka m'milungu yochepa. Kudula komweko tidakumva kuno m'zipatala zathu, ndipo ku Dzaleka othawa kwawo akhala akulandira zosakwanira chifukwa thumba la WFP laphwa. Pempho la UN la ntchito za mkati mwa Sudan linali madola 2.7 biliyoni mu 2024 ndi madola 4.2 biliyoni mu 2025, ndipo la 2025 silidafike ndi theka lomwe.

Lipoti la IPC la mu Novembala 2025 lidabwera ndi nkhani ziwiri. Chiwerengero cha anthu a pa gawo lachitatu kupita m'mwamba chidatsika kufika pa 21.2 miliyoni. Kutsikako kudachitika makamaka ku Khartoum, ku Gezira ndi ku Sennar, madera omwe asilikali a boma adawalandanso pakati pa kumapeto kwa 2024 ndi Malichi 2025. Kumeneko mfuti zitachepa misika idatsegulidwa, alimi ena adabwerera m'minda, mathiraki adayamba kufika. Lipoti lomwelo lidatsimikiza njala ya gawo lachisanu ku El Fasher ndi ku Kadugli, likulu la South Kordofan, tauni ya m'mapiri a Nuba yomwe inali itazingidwa ndi RSF pamodzi ndi gulu lina loukira boma la SPLM-North, ndipo lidachenjeza za madera ena 20 a ku Darfur ndi Kordofan. Za tauni ya Dilling, kumpoto kwa Kadugli, akatswiriwo adati zikuoneka kuti zinthu n'chimodzimodzi, koma sadathe kuiika pa gawo lachisanu chifukwa panalibe amene adakwanitsa kulowamo kukayeza ana.